Yambani ndi mmene thupi limagwirira ntchito

Mwafunsa ngati kuli bwino kuyamba ndi kuloweza mayina a mankhwala, popeza pharmacology (phunziro la mankhwala) ndiyo ikukudetsani nkhawa kwambiri pa maphunziro anu a paramedic (wothandiza odwala mwadzidzidzi asanafike kuchipatala). Ine ndikukulangizani kuti muyambe ndi physiology (phunziro la mmene thupi limagwirira ntchito), chifukwa munthu amene wamvetsa mmene thupi labwinobwino limagwirira ntchito savutika kuzindikira chimene matenda asokoneza ndiponso chimene mankhwala akupita kukakonza.

Taganizirani munthu amene walumidwa ndi njuchi, thupi lake n'kudana kwambiri ndi ululuwo mpaka kufika pa anaphylaxis. Mitsempha ya magazi imafutukuka, madzi amatuluka m'mitsemphamo, kuthamanga kwa magazi kumatsika, ndipo njira za mpweya zimatupa n'kupanikizika. Mukadziwa zimenezi, mumvetsa nokha chifukwa chimene timaperekera mankhwala a adrenaline: amafinya mitsempha, amawonjezera mphamvu ya kugunda kwa mtima, ndiponso amatsegula njira za mpweya. Munthu wamkulu amabayidwa 0.5 mg mu mnofu wa pantchafu, ndipo mlingowu umabwerezedwa pakapita mphindi 5 ngati wodwalayo sakusintha. Milingo ndiyo muyenera kuiloweza mosaphonyetsa, makamaka ya ana, imene imatengera msinkhu kapena kulemera kwawo.

Microbiology (phunziro la tizilombo tosaoneka ndi maso) nayonso musaipeputse, pakuti imateteza inuyo komanso wodwala amene mudzamunyamule pambuyo pake. Kachilombo ka hepatitis B (matenda a chiwindi) kamafala kudzera m'magazi mosavuta kuposa HIV, ndipo tizilombo ta TB timayenda mumpweya, chinthu choopsa kwambiri m'ambulansi momwe muli mothina. Ndikukupemphani kuti mulandire katemera wa hepatitis B musanayambe kugwira odwala.