Tsitsani ngolo kaye, kenako mukweze Toyota 86 yanuyo

Achimwene a ku Ulónguè, mwafunsa ngati Toyota 86 imene mwagula mumzinda wa Tete ingakwere pa ngolo ya amalume anu yonyamulira thirakitala. Mwati thandala la ngoloyo lili masentimita 90 kuchokera pansi, marampa ake ndi a mamita 2.4, ndipo mlomo wa bampala yakutsogolo ya galimotoyo uli masentimita 12 okha kuchokera pansi. Ingakwere, koma osati pa marampa amenewo momwe alilimu. Ena akuuzani kuti mungopeza dalaivala wodziwa ailowetse mopingasa. Nzeru imeneyo imagwira pa mahampu a mumsewu. Pa rampa yomwe m'lifupi mwake mungokwana tayala limodzi mulibe malo opingasira, ndipo dalaivala ngakhale atakhala katswiri bwanji sangafupikitse bampala.

Tengani tepi muyeze chinthu chimodzi chimene simunatchule: mtunda wochokera pamene tayala lakutsogolo lagunda pansi kukafika kunsonga ya bampala. Tingoyerekeza kuti mwapeza masentimita 85. Gawani 12 ndi 85, mupeza 0.14. Umenewo ndiye mtunda wotsetsereka umene galimotoyo ingakwere osakhula mlomo, pafupifupi madigiri 8. Tsopano gawani kutalika kwa ngolo ndi kutalika kwa rampa, 90 ndi 240, mupeza 0.375, omwe ndi madigiri pafupifupi 22. Nambala yachiwiriyi iyenera kuchepa poyerekeza ndi yoyamba ija, koma pano ikuposa pafupifupi katatu. Kuti mukwere masentimita 90 onsewo bwinobwino pafunika rampa yopitirira mamita 6, ndipo sindikukhulupirira kuti amalume ali nayo.

Pali vuto lachiwiri limene anthu amaliiwala chifukwa maso onse amakhala pa bampala. Matayala akutsogolo akafika pa thandala, akumbuyo akadali pa rampa, mimba ya galimoto imadutsa pamwamba pa ngodya pamene rampa yakumana ndi ngolo. Toyota 86 ili ndi mamita 2.57 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo popeza ndi yotsika kwambiri, ngodya yoposa madigiri 11 kapena 12 imaigwira pamimba. Imakhala pamenepo ngati kamba wokwera pachitsa, ekizozi ndi zotchinga zapansi zikuphwanyika. Bampala mutha kuimasula, ndi mabawuti ochepa ndi timapini tapulasitiki, ndipo ndingakulimbikitseni kutero ngati pali makaniko pafupi, koma kumasula bampala sikuthandiza mimba.

Choncho ntchito yaikulu ndi kuchepetsa masentimita 90 aja, ndipo njira yotsika mtengo ndi kugwiritsa ntchito nthaka. Funani malo pamene pali chikweza chodukiza, monga khonde lopakirira katundu pa nyumba yosungiramo matumba, kapena m'mphepete mwa msewu pamene msewu wakwera kuposa dothi la pambali. Bwezani ngolo chambuyo mpaka ifike pachikwezacho, galimoto ichokere pamwamba. Chikweza cha masentimita 60 chikusiyirani 30 okha oti mukwere, ndipo 30 kugawa ndi 240 ndi 0.125. Mwalowa kale pansi pa 0.14 ndi marampa omwewo, mimba nayonso yapulumuka. Chikweza chikasowa, kumbani maenje awiri otsetsereka oti matayala a ngolo alowemo. Dothi la ku Tete nyengo yachilimwe ndi louma gwa, anyamata okumba muwalipire bwino, koma ndalama imeneyo sifika pa mtengo wa bampala yochita kuitanitsa kunja. Onetsetsani kokha kuti galimoto yokoka idzatha kuitulutsa ngoloyo m'maenjemo italemedwa.

Njira ina yowonjezera pamenepo ndi kukweza mutu wa ngolo kuti mchira wake utsike. Kwezani matayala akumbuyo a galimoto yokoka pa matabwa okhuthala osanjikiza, ngolo ili chimangirire. Mchira umatsika, ndipo thandala limapendekera kumbuyo, zomwe zimafewetsa ngodya ya pamwamba ija. Apa ndikuchenjezeni kwambiri: musamasule ngolo pa galimoto yokoka pamene mukukweza. Kulemera kukangofika kumchira, mutu umadumphira m'mwamba. Ngakhale ili yomangirira, kulemera kumeneko kumapepula matayala akumbuyo a galimoto yokoka, ndipo handibuleki imagwira matayala omwewo. Zonse zimatha kuyamba kuyenda zokha, wina ali pansi akuyang'ana ekizozi. Ikani miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala a ngolo ndi akutsogolo a galimoto yokoka, komanso chipika cholimba pansi pa mchira wa ngolo chosiya kampata kakang'ono.

Matabwa mugulebe, chifukwa masamu a papepala ndi nthaka yeniyeni zimasiyana pang'ono. Matabwa okhuthala masentimita 5, otambalala kuposa tayala, mudule zidutswa zosiyana kutalika, mwachitsanzo mamita 1.8, 1.2 ndi masentimita 60, muzisanjikize ngati masitepe ndi kuzikhoma pamodzi, nsonga zake muzisonge. Muike patsinde pa rampa iliyonse. Cholinga n'chakuti tayala liyambe kukwera thabwa mlomo wa bampala usanafike pa chitsulo, n'chifukwa chake thabwa lapansi liyenera kutalika kuposa masentimita 85 aja. Thabwa lalifupi silithandiza kanthu, bampala imafika pa rampa tayala likadali pa dothi. Mukafuna kulumikiza matabwa kuti atalikitse rampa yeniyeniyo, muwachirikize pansi ndi zipika pafupipafupi, chifukwa galimotoyi imalemera makilogalamu opitirira 1,200 ndipo thabwa lolendewera limathyoka. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Sungani timatabwa tina tiwiri tapadera: mukaona mimba ikuyandikira ngodya, imani, mutiike kutsogolo kwa matayala akumbuyo kuti thupi likwere pang'ono.

Ine sindingaikweze ndi mphamvu ya injini yake. Galimotoyi imakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo ikangoterereka pang'ono imalavula matabwa chambuyo ndi mphamvu yothyola mwendo wa munthu. Komanso woyendetsa amakhala pansi kwambiri moti mphuno ikaloza kumwamba saonanso rampa. Ikokeni ndi ginchu (makina okoka katundu pokulunga chingwe), yamagetsi kapena yopukusa pamanja, ngakhale tcheni buloko yobwereka ku galaja imakwana. M'buti, pamodzi ndi jeke, muyenera kupeza chitsulo chokokera chokhala ndi mazinga. Tsegulani kachivindikiro ka pabampala yakutsogolo, muchipotokolere mpaka chilimbe, ndipo chingwe chikoke molunjika. Galimoto zogula kwa munthu wina nthawi zambiri chitsulochi chimakhala chitasowa, ndiye funsani wogulitsayo lero lomwe. Munthu mmodzi akhale mkati, injini ikulira kuti buleki ikhale ndi mphamvu ndi chiwongolero chisatsekeke, giya ili pa nyutulo, phazi lili pafupi ndi buleki. Wina agwade pambali akuyang'ana pansi, ndipo akhale iye yekha wolamula. Pa ntchito ngati iyi pamasonkhana anthu ambiri, aliyense akukuwa zake. Marampa nawonso muwamangirire ku ngolo kuti asasunthe, ndipo kumbuyo kwa galimoto kusaime munthu.

Musanayambe kukoka, yang'anani ngati chitseko chidzatseguka galimoto ikafika pamwamba. Ngolo zina zili ndi zitsulo m'mbali zomwe zimatsekereza chitseko cha galimoto yotsika chonchi. Ngati ndi choncho, tsitsiranitu galasi kuti wamkatiyo adzatulukire pawindo.

Injini ya Toyota 86 ili kutsogolo, choncho ikwere choyang'ana kutsogolo, ndipo iime moti kulemera kochulukirapo pang'ono kukhale kutsogolo kwa matayala a ngolo. Pa cholumikizira payenera kutsamira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse. Mukaisiya kumbuyo kwambiri, ngolo imayamba kugwedeza mchira mukangothamanga, ndipo pa msewu wa EN7, pamene mukupishana ndi malole akuluakulu opita ku Zóbuè, simukufuna zimenezo.

Pomanga, gwiritsani ntchito malamba anayi okhwimitsa ndi chogwirira, limodzi pa tayala lililonse, lodutsa pamwamba pa tayala n'kukokera pansi kutsogolo ndi kumbuyo. Matcheni a thirakitala asiyeni m'bokosi. Musakolowetse mbedza pa mikono ya masasipenshoni kapena pa ndodo ya chiwongolero, zimapindika, ndipo chitsulo chokokera chija si chomangira paulendo. Mukamanga matayala, thupi la galimoto limatsala likunjanja pa masipuling'i ake, zomwe ndi zabwino, bola muone kuti lamba asakhudze bampala kapena paipi ya buleki. Kokani handibuleki. Ngati ndi ya otomatiki ikani pa P mutamaliza kumanga. Ya manyuwale anthu amatsutsana, ine ndimaisiya pa nyutulo kuti kugwedezeka kwa panjira kusamenye magiya, popeza ogwira galimoto ndi malamba. Lona musafunditse. Ndikudziwa kuti fumbi la malasha la ku Moatize likudetsani nkhawa, koma fumbi limachoka ndi madzi, pamene lona wokupiza ndi mphepo makilomita opitirira 200 amakhula penti mpaka kuyera.

Nyamukani m'mamawa. Kutentha kwa ku Tete miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo matayala a ngolo imene imangokhala pamunda ndi amene amayamba kuphulika. Apopeni mokwanira, muone ngati alibe ming'alu, mutenge lapadera. Imani mukangodutsa Moatize mukhwimitsenso malamba, chifukwa amamasuka pa makilomita oyambirira, ndipo muwaonenso pa Mussacama musanakhotere ku Angónia, boma limene muli Ulónguè. Kuchokera m'chigwa cha Zambezi kukafika ku Ulónguè mukukwera mamita opitirira 1,000, ndiye galimoto yokoka ikhale yamphamvu zokwanira ndi yosatentha msanga, ndipo pamene msewu watsetsereka tsikani ndi giya yaing'ono. Livrete (chikalata cha kalembera wa galimoto) ndi kalata yogulitsirana zikhale m'manja mwanu, osati m'galimoto ili pamwambayo, kuti apolisi akakuimitsani musachite kukwera pawindo.

Musanavutike ndi zonsezi, funsani mtengo wa lole ya pronto-socorro, ija thandala lake limatsetserekera pansi. Ikhoza kudula, koma muwerengere matabwa, malamba, ginchu, mafuta ndi anthu okuthandizani musanaikane. Nayonso muuze dalaivala abwere ndi matabwa, chifukwa masentimita 12 ndi ochepa ngakhale pa lole yotere.

Mukasankha ngolo ya amalume, matabwa onse akwere nawo, ndipo tumani munthu ku Ulónguè apezeretu chikweza chofanana ndi chimene mwakwezera ku Tete. Potsitsa, ngodya zake ndi zomwezo, galimoto ikubwerera chambuyo, ndipo ginchu ndi imene iyenera kuigwira mpaka matayala onse anayi afike pansi.