Alamu, musapereke ndalama zonse title isanaoneke

Alamu, mwaswera bwanji? Uthenga wanu pagulupu ndauona m'mawa, koma ndinali pa shifiti, ndiye ndati ndiyankhe pakamwa kuti ena akumvawo apindulenso. Mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba, paja safunsa anadya phula.

Ngati ndamva bwino, mwapeza Toyota Corolla ya 2016 pa Facebook Marketplace. Mwini wake akufuna madola 9,000, koma akuti kubanki kwatsala ngongole ya madola 4,000. Akuti mumupatse ndalama zonse, mutenge galimoto, iye akabweze ngongoleyo, title, pepala la umwini wa galimoto, ikupezani pambuyo. Ndiye mukufunsa ngati zili bwino. Ayi alamu, sizili bwino. Galimotoyo mukhoza kugula, koma osati mwanjira imeneyo.

Kuno ku America umwini wa galimoto uli pa pepala limodzi lija lotchedwa title. Makiyi si umwini. Ngakhale mutaimika galimoto pakhomo panu chaka chathunthu, ngati dzina lanu palibe pa pepalalo, si yanu. Tsono munthu akagula galimoto pangongole, banki imalembetsa dzina lake pa title pomwepo, ndiye chija amati lien. Kunena mwachidule, galimotoyo ndi chikole. Ngongole ndi ya mwini wakeyo, inde, koma chikolecho chimapita kulikonse kumene galimoto yapita. Iye akangolandira ndalama zanu n'kukalipira lendi kapena zina zimene zamupanikiza, banki siitaya nthawi kukangana naye. Itumiza anthu okoka galimoto, ndipo adzaikokera pakhomo panu.

Zimenezi ndinaziona ndi maso. Mayi wina amene tinkagwira naye ntchito anagula galimoto chonchi, kwa munthu wooneka waulemu ndithu. Anayendera miyezi itatu. Tsiku lina akutuluka m'bandakucha kuti apite ku ntchito, anapeza pamene anaimika pali mbee, pangotsala kadontho ka oyilo pansi. Mpando wa mwana unali momwemo, yunifolomu yake momwemo. Anaimbira apolisi akulira kuti amubera, apolisi n'kumuuza kuti siinabedwe, banki yatenga katundu wake. Mpaka lero ndikakumbukira mmene ankanjenjemera pa foni, mtima umandiwawa. Sindikufuna zoterozo zikuchitikireni.

Ndiye chitani chonchi. Muuzeni apemphe kubanki kwakeko kalata yotchedwa payoff letter. Kalatayo imanena ndalama yeniyeni yotsekera ngongole, ndi tsiku limene chiwerengerocho chithere mphamvu, nthawi zambiri pakatha masiku 10. Musadalire ndalama imene iye akuitchula pakamwa, ngakhale imene akuonetsani pa foni yake, chifukwa chiwongoladzanja chimakwera tsiku ndi tsiku. Ngongole ikatsala ngakhale ndi madola ochepa chabe, lien siichoka.

Kalata ija ikabwera, pitani naye limodzi kubanki imene inamukongozayo, mapazi anu ndi ake. Inu mutenge macheke awiri a cashier's check, aja amalemba ndi kutsimikiza banki yokha, ochokera kubanki kwanu. Imodzi ilembedwe dzina la banki yangongoleyo, ndalama yake ndendende monga yalembedwera pa kalata. Inayo ilembedwe dzina la wogulitsa, ya ndalama yotsalayo. Cheke ya banki muipereke nokha pa kauntala, mulandire lisiti m'manja mwanu, ndipo mufunse pomwepo kuti kalata ya lien release, yonena kuti ngongole yatha ndipo lien yachoka, ituluka liti, nanga title atumiza kwa yani. Apa mvetsetsani, chifukwa m'ma state ambiri title imasungidwa pa kompyuta, siituluka tsiku lomwelo, imatha kutenga masabata. Pa chifukwa chimenechi, cheke ya wogulitsa ija muisunge kaye mpaka title ifike, asayine, ikhale m'manja mwanu. Mulemberane kalata yogulitsirana, bill of sale, yonena zonsezi, nambala ya galimoto, mtengo, ndalama imene mwalipira kubanki, imene yatsala ndi tsiku, aliyense atenge kope lake. Ngati anakongola ku kampani yopanda ofesi pafupi, imbani foni muli limodzi, mumve ndi makutu anu, ndipo ndalama ipite kukampaniko kuchokera kwa inu, isadzere m'thumba mwake.

Munthu wachilungamo sangakane zimenezi, chifukwa naye zikumumasula ku ngongole. Akayamba zoti ndilibe nthawi, pali wina akubwera ndi kashi madzulo ano, musiyeni agulitse kwa ameneyo. Ma Corolla satha.

Tsono pali china chimene anthu amapusitsika nacho. Wina amakutulutsira title ya pepala, iwe n'kumati basi zatheka, palibe ngongole. Ayi. M'ma state ena, monga New York, mwini galimoto amasunga title ngakhale ngongole ikadalipo. Yang'anani pamene palembedwa lienholder, ndiye kuti wokongoza. Ngati pali dzina la banki, pafunika kalata yochokera kubankiko yonena kuti ngongole inatha, ndipo muimbire bankiyo pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene iye wakupatsani. Palinso aja amakongola ndalama zamsangamsanga pogwiritsa ntchito galimoto ngati chikole, ma title loan aja. Amenewonso amaika lien. Kufunsa ku DMV, ofesi ya boma yolembetsa galimoto, ya state imene title inatulukira kumathandiza.

Dzina la pa title lifanane ndi la pa laisensi ya amene akukugulitsaniyo. Mupempheni laisensi, muyerekeze chilembo ndi chilembo, musachite manyazi. Akati ndi ya msuweni wanga, anasayina kale, ameneyo akulumpha title, zimene ndi zoletsedwa, ndipo vuto likadzabuka simudzadziwa kokamupeza mwini wake weniweni. Ngati pali mayina awiri, onani kamawu kapakati. Pakalembedwa AND, onse awiri asayine. Pakalembedwa OR, kawirikawiri mmodzi amakwanira.

Nambala ya galimoto ija yochokera kufakitale, VIN, muiwerenge nokha. Kuyambira 1981 imakhala ya zilembo ndi manambala 17, ndipo simupezamo I, O kapena Q. Imani panja mbali ya dalaivala, musuzumire pansi pa galasi lakutsogolo, muunike ndi tochi ya foni, muwerenge mokweza wina akutsatira pa title. Mukatero mutsegule chitseko cha dalaivala, pali kasitika pa felemu, nakonso kafanane. Nambalayo muilowetse pa webusayiti ya VINCheck ya NICB, bungwe lolimbana ndi kuba galimoto ndi chinyengo cha inshuwalansi, ndi yaulere, imaonetsa ngati galimoto inalembedwa kuti inabedwa. Pa vehiclehistory.gov pali makampani ovomerezeka opereka lipoti la NMVTIS, kaundula wa boma wa ma title, pa kandalama kochepa, limene limaonetsa ngati title inadindidwapo kuti salvage (inaonongekapo kwambiri) kapena flood (inamirapo m'madzi). Mukumbuke mphepo yamkuntho ya Harvey mu 2017, galimoto zambirimbiri zinamira ku Houston, ndipo zina zinapukutidwa n'kukagulitsidwa kutali. Choncho tukulani kapeti, mununkhize. Koma malipoti amenewa asakugonekeni tulo pa nkhani ya ngongole, yankho lake lenileni lili kubanki ndi ku DMV.

Posayina, pepalalo musalifufute, musalikhwatche, musapake choyera chija chofufutira. Mukalakwitsa chilembo chimodzi DMV ikhoza kulikana, ndiye mudzayamba kusakanso wogulitsa kuti apemphe lina. Werengani kaye mzere uliwonse musanagwire cholembera. Ma mailo alembedwe monga akuonekera pa dashibodi, chifukwa galimoto za 2011 kupita m'tsogolo lamulo limafuna zimenezo kwa zaka 20, ndipo yanuyo ili m'gulu lomwelo. Ku Ohio, Pennsylvania ndi North Carolina wogulitsa amasayina pamaso pa notary, munthu wovomerezeka ndi boma kuchitira umboni posayina, ndiye asathamangire kusayinira kunyumba. Inshuwalansi muikonze musanaichotse galimoto pakhomo pake, ndipo title ikangofika m'manja mwanu thamangirani ku DMV, chifukwa state iliyonse ili ndi masiku ake, mukachedwa pali chindapusa.

Eya, ndatalikitsa. Ngati ali ndi pepala lililonse la galimotoyo, mulijambule mbali zonse ziwiri munditumizire ine pandekha, osati pagulupu pano, chifukwa pamakhala adiresi ya munthu. Mundiuzenso dzina la banki imene anakongolako. Lachisanu sindikugwira ntchito, ndiye akavomera zopita kubanki mupangane tsiku limenelo cham'mawa, ndidzakutengani pa galimoto yanga tipitire limodzi.