Msika wa Leadenhall: chifukwa chake unamangidwa chonchi

Zikomo achimwene chifukwa cha chithunzi cha msika wa Leadenhall wa ku London chimene mwaikachi. Mwafunsa chifukwa chake msika wogulitsiramo nyama unamangidwa mokongola ngati tchalitchi, komanso tanthauzo la mawu akuti "listed" amene amatchulidwa akamafotokoza za nyumbayi. Ndiyamba ndi funso loyambalo, chifukwa lachiwirilo limamveka bwino munthu akadziwa chimene chikutetezedwa.

Nyumba imene ili pachithunzipo inamangidwa mu 1881, koma msikawo ndi wakale zedi. Anthu ankachita kale malonda pamalopo m'zaka za m'ma 1300, ndipo pansi pake pali zotsalira za bwalo lalikulu limene Aroma anamanga mzindawo ukutchedwa Londinium. Dzina lakuti Leadenhall linachokera ku nyumba ina yaikulu yofolera ndi mtovu (pachingerezi "lead") imene inali pomwepo, ndipo mu 1411 malowo analowa m'manja mwa akuluakulu a mzinda kudzera mwa Richard Whittington, yemwe anakhalapo meya wa London. Choncho Horace Jones, mkulu wojambula mapulani a nyumba za mzindawo yemwe anajambula nyumba ya 1881 ija, sanapatsidwe malo apululu oti ayambirepo mwakufuna kwake. Anapeza tinjira takale timene anthu anazolowera kudutsamo kuyambira makolo awo, ndipo m'malo motitseka, anangotifolera ndi denga lalitali la magalasi. N'chifukwa chake munthu akalowa kuchokera ku Gracechurch Street amaona ngati akuyendabe mumsewu, mashopu ali mbali iyi ndi iyo, miyala itayalidwa pansi, mpaka akafike pakati pamene njirazo zimakumana pansi pa denga la mbali 8 lokwera kuposa ena onse.

Kwa ine, kukongola kwa nyumbayi kwagona pa ntchito imene inamangidwira. Nthawi imeneyo ogulitsa nyama ndi nkhuku analibe mafiriji amagetsi, ndipo nyali zamagetsi zinali zisanafale. Ankafuna kuwala kwa dzuwa kuti wogula aone bwino chimene akugula, komanso mpweya woyenda kuti fungo lisaunjikane ndipo nyama isaonongeke msanga. Denga lalitali lamagalasi ndi zipata zotsegula mbali zingapo zinkathandiza pa zonsezi, pamene nsanamira zachitsulo, pokhala zowonda koma zolimba, sizinkadya malo ngati zipilala zanjerwa. Mukachikulitsa chithunzicho, tayang'anani pamwamba pa zitseko za mashopu ena: muona mizere ya zitsulo zokhala ndi ngowe, pamene ankakolowekapo nkhuku, atsekwe ndi nyama zakutchire. Chapamwamba pa nsanamira pali tizinjoka tamapiko tooneka ngati tasiliva, timene ndi chizindikiro cha City of London, chigawo chakale cha pakati pa mzindawo. Kumeneko ndiye kudzitamandira kwa eni mzinda, kumenenso kukuoneka pachipata chachikulu cha njerwa zofiira ndi miyala ya ku Portland. Jones anali ataizolowera ntchito ya misika, popeza ndiye anajambulanso wa Smithfield ndi wa nsomba wa Billingsgate, ngakhale ambiri amam'dziwa chifukwa cha mlatho wa Tower Bridge, umene unatsegulidwa mu 1894 iye atamwalira kale mu 1887.

Tsopano za "listed" zija. Ku England kuli m'ndandanda wa nyumba zimene boma linagamula kuti n'zofunika chifukwa cha mbiri kapena kamangidwe kake, ndipo umasungidwa ndi bungwe la Historic England. Magulu ake ndi atatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo nyumba zoposa 90 pa 100 zilizonse zili m'gulu lomalizali. Leadenhall inaikidwa m'gulu lapakatilo mu 1972. Izi sizitanthauza kuti nyumbayo yasanduka malo ongoonerako zakale, kapena kuti palibe angaikhudze. Chimene lamulo likufuna n'chakuti aliyense wofuna kugwetsa, kukulitsa kapena kusintha chinthu chokhudza maonekedwe ake apadera, kaya kunja kaya m'kati, ayambe wapempha chilolezo, ndipo kuchita zimenezi popanda chilolezo ndi mlandu. Kukonza kumaloledwa: utoto wobiriwira, wofiirira ndi woyererako umene wakukopani maso unapakidwanso pa ntchito yaikulu ya mu 1990 ndi 1991.

Komatu lamuloli limateteza nyumba, osati malonda ochitikiramo. Lero mashopu ambiri mmenemo ndi malo odyera, omwera ndi ogulitsa zovala, ndipo makasitomala ake ambiri ndi antchito a m'maofesi oyandikana nawo, monga a m'nyumba yachitsulo ya bungwe la inshuwalansi la Lloyd's ya mu 1986, imene nayonso inalowa m'ndandandawu mu 2011 monga Grade I. Ngowe zija zikadalipo ndithu pamwamba pa anthu odya nkhomaliro, koma pakhala nthawi pasanakolowekedwe tsekwe.