Chitini cha makhadi akale a ku Matlock Bath: ndigulitse kapena nditaye?

Mayi wina amene amakhala ku Derby, ku England, wanditumizira imelo ndi zithunzi zingapo. Akuti Lamlungu lina pa car boot, msika umene anthu amagulitsa katundu wawo wakale kuchokera m'magalimoto, anagula chitini cha mabisiketi choti azisungiramo ulusi ndi mabatani, ndipo wogulitsa anamuuza kuti atenge ndi zam'kati zomwe. Atafika kunyumba anapezamo makhadi a zithunzi akale oposa 30, kabuku kofiira kotsogolera alendo, risiti ya hotela, kamtsuko koyera kokhala ndi chizindikiro cha tauni, ndi dzira looneka ngati mwala. Pafupifupi zonse zili ndi dzina la Matlock Bath. Akufunsa ngati zimenezi zingamupatse ndalama, kapena angotaya n'kutsala ndi chitini chake.

Amayi, chonde musataye. Za ndalama ndikuuziranitu kuti musaikepo mtima, chifukwa makhadi otere anasindikizidwa ambirimbiri ndipo ochuluka amagulidwa ndi mapaundi ochepa chabe. Koma chimene mwatola ndi mbiri ya kamudzi kamene kali pafupi nanu, ndipo ikusimbidwa ndi anthu wamba amene mabuku akuluakulu sawatchula.

Matlock Bath ili m'chigwa chopanikizika cha mtsinje wa Derwent, m'boma la Derbyshire. Mu 1698 anthu anapezako akasupe a madzi ofunda, a madigiri 20 kapena pafupi pamenepo, ndipo anamanga malo osambira pokhulupirira kuti madziwo amathandiza nyamakazi ndi matenda ena. Kwa zaka zoposa 100 amene ankapitako anali a ndalama okhaokha, poti ulendo unali wa ngolo za mahatchi ndipo munthu ankakhalako milungu. Mfumukazi Victoria anafikako mu 1832 ali mtsikana wa zaka 13, asanalowe ufumu. Alendo a nthawi imeneyo pobwerera ankagula zinthu zodula: miphika ya mwala wa Blue John wochokera ku Castleton, kapena zokongoletsa za mwala wakuda wa ku Ashford, wosalazidwa mpaka kunyezimira.

Zinthu zinatembenuka njanji itafika mu 1849. Ogwira ntchito m'mafakitale a ku Derby, Nottingham, kenako ndi Manchester, anayamba kubwera m'mawa n'kubwerera madzulo, m'thumba muli timakobiri tochepa. Munthu wotere sakanagula mphika wa Blue John. Ankagula khadi, kamtsuko, kapena dzira lokutidwa ndi mwala. Chitini chanucho ndi cha anthu amenewa, ndipo n'chifukwa chake chandigwira mtima.

Tiyambe ndi makhadi, poti ndi amene angakuuzeni zambiri. Atembenuzeni, muyang'ane kumbuyo. Ku Britain boma linalola anthu wamba kusindikiza mapositikhadi awo mu 1894, koma poyamba kumbuyo kunali kwa adiresi yokha. Wofuna kulemba uthenga ankaupanikiza kutsogolo, m'mphepete mwa chithunzi. Mu 1902 m'pamene analola kugawa kumbuyo ndi mzere, uku uthenga uku adiresi. Choncho khadi lopanda mzere pakati, limene mawu ake azungulira chithunzi, ndiye kuti ndi la zaka zoyambirirazo. Pa zithunzi zimene mwatumiza ndaonapo awiri otero. Amenewo muwaike paokha.

Kenako sitampa. Yobiriwira ya theka la peni inkakwanira kutumiza khadi mpaka June 1918, pamene mtengo unakwera kufika peni imodzi. Nkhope ya pa sitampa nayonso imathandiza: Edward VII analamulira kuchokera mu 1901 mpaka 1910, ndipo George V kuchokera mu 1910 mpaka 1936. Chidindo cha positi ofesi chikakhala chowerengeka ndiye mwapeza zonse, malo, tsiku, kawirikawiri ndi ola lomwe. Mukaona timawu takuti khadi linasindikizidwa ku Germany kapena ku Saxony (dera la ku Germany komweko), kawirikawiri ndi la nkhondo ya 1914 isanayambe, chifukwa makampani ambiri a ku Britain ankasindikizitsa kumeneko mpaka nkhondoyo inadula malonda. Chenjezo limodzi: chidindo chimanena tsiku limene khadi linatumizidwa, osati limene chithunzi chinajambulidwa. Makampani monga Valentine wa ku Dundee ndi Frith ankagwiritsa ntchito chithunzi chimodzi zaka zambiri.

Mukatha zimenezo khalani pansi muwerenge mauthengawo mofatsa. Khadi lina limene mwandijambulira lili ndi mizere itatu ya pensulo: wolembayo akuuza m'bale wake kuti afika bwino, kukugwa mvula, ndipo akawachingamire pa sitima ya madzulo. Analemba m'mawa ali ndi chikhulupiriro chakuti khadi lifika iye asanafike, poti m'matauni makalata ankagawidwa kangapo pa tsiku. Onaninso ngati adiresi ikubwerezabwereza. Ngati makhadi ambiri anapita pa khomo limodzi, ndiye kuti munthu mmodzi ankawasunga, ndipo kuwagulitsa limodzilimodzi kungakhale kumwaza banja limene lakhala pamodzi zaka zoposa 100.

Kabuku kofiira ndi ka kampani ya Ward Lock. Timabuku timeneti kawirikawiri tsiku lake silioneka msanga, koma zam'kati zimaulula. Kakatchula Grand Pavilion, nyumba ya zisangalalo ya ku Matlock Bath, ndi ka 1910 kapena pambuyo pake. Kakatsatsa Royal Hotel ngati malo ogona, ndi ka 1929 isanafike, chaka chimene hotelayo inapsa. Kakanena za thiramu yokokedwa ndi chingwe yokwera msewu wotsetsereka wa Bank Road ku Matlock, imeneyo inkayenda kuchokera mu 1893 mpaka 1927. Masamba a malonda a kumapeto, amene ambiri amangowadumpha, ndiwo ndimawakonda koposa, chifukwa amanena mtengo wa chipinda, wa chakudya ndi wa bafa.

Apa ndipatukeko pang'ono. Matlock Bath ndi Matlock ndi malo awiri oyandikana, ndipo anthu amawasokoneza. Risiti yanu ikakhala ya Smedley's, imeneyo ndi ya ku Matlock kumtunda, kumene John Smedley anayambitsa mu 1853 nyumba yochiritsira ndi madzi wamba, osati a akasupe ofunda aja. Nyumbayo inatsekedwa mu 1955 ndipo kenako inasanduka likulu la khonsolo ya Derbyshire. Risiti ngati imeneyo, imene mwini wake akanatha kuyatsira moto tsiku lomwelo, imasowa kuposa makhadi. Muli dzina, masiku ogona ndi zimene munthu analipira, zinthu zoti simungazipeze pa chithunzi chilichonse.

Kamtsuko kaja katembenuzeni muone pansi. Pakakhala kambalame kotambasula mapiko ndi dzina lakuti W. H. Goss, ndi ka fakitale ya ku Stoke-on-Trent imene inatchukitsa tiziwiya toyera ta zizindikiro za matauni. Makampani ena anatengera, ndipo nkhondo yoyamba itatha anthu anayamba kutopa nato. Mtengo wake ndi wochepa.

Dzira lija ndi lenileni. Madzi a ku Matlock Bath ali ndi laimu wambiri, ndipo akamadonthera pa chinthu kwa miyezi amachikuta ndi chikhungwa cholimba, monga zoyera zimene zimamatirira m'ketulo. Eni zitsime zina ankaika mazira, zisa za mbalame, zipewa ndi zina pansi pa madzi odonthawo n'kumagulitsa kwa alendo. Musalitsuke ndi viniga kapena mankhwala a m'bafa, chifukwa asidi amasungunula laimu. Likulungeni m'kansalu kofewa.

Kasungidwe n'kosavuta. Musamate selotepi paliponse, musachite lamineti, musamange ndi labala, ndipo musachotse sitampa pa khadi. Chitinicho chikayamba dzimbiri chidzadetsa mapepala, choncho asamutsireni m'bokosi louma, kutali ndi dzuwa ndi hita. Nyumba za ku England zimachita chinyezi nthawi yozizira, ndiye musaike m'galaja kapena kudenga, mapepala angachite chuku. Jambulani khadi lililonse mbali zonse ziwiri ndi foni, ndipo lembani pa pepala lina kumene munagula ndi tsiku lake.

Musanaganize zogulitsa, onetsani anthu a Derbyshire Record Office, amene ofesi yawo ili ku Matlock komweko ndipo ntchito yawo ndi kusunga mapepala akale a bomalo. Atumizireni kaye zithunzi za risiti ndi za makhadi a adiresi imodzi aja. Kuchokera ku Derby sitima imatenga pafupifupi theka la ola, ndipo imaima pa Matlock Bath isanafike ku Matlock. Pobwerera tsikani pamenepo ndi makhadi awiri atatu m'envulopu. Mlatho wa Jubilee Bridge wa 1887 ukadalipo, Pavilion ilipo, ndi kasiteshoni kakale kaja nakonso, choncho mutha kuima pamene wojambula anaima n'kuyerekeza nokha. Mukapita cha mu September kapena October mudzapezanso mabwato oyatsa magetsi pa Derwent, mwambo umene unayamba mu 1897.