Kodi ndigule foni yayikulu podikira Uber?

FUNSO: Amalume, ndine wakabaza wa njinga yamoto, siteji yathu ili kufupi ndi msika wa pa boma la Mangochi. Mlamu wanga ali ku Joni, amayendetsa galimoto ya Uber. Akundiumiriza kuti ndigule foni yayikulu, ati zoitana pa foni zifika kuno ndipo ndidzasiya kupsa ndi dzuwa pa siteji. Kodi muli phindu?
Wakabaza, Mpondasi

YANKHO: Achimwene, kawafunseni alamu anuwo kuti pa ndalama imene wokwera walipira, yotsala m'thumba mwawo imakhala ingati. Pamenepa ambiri amayamba kukanda m'mutu.

Uber, kampani yoitanira galimoto kapena njinga pa foni imene idayambira ku America mu 2009 n'kufika ku Johannesburg mu 2013, sikupatsani njinga. Njinga ndi yanu, mafuta ndi anu, tayala likaphulika ndi lanu, bandulo mugula nokha. Iwo amangokulumikizani ndi wokwera, n'kudula gawo lawo pa ulendo uliwonse, kawirikawiri mpaka K25 pa K100 iliyonse. Tiyerekeze kuti mwatenga munthu pa msika kumuwolotsa mlatho wa Bakili Muluzi pa K2,000. K500 yapita musanathire n'komwe mafuta, ndipo ngati njingayo ndi ya abwana, nawonso akudikira yawo madzulo.

Chimene chimandiwawa ine ndi mtengo. Pa siteji, petulo akasowa n'kumagula wa m'zigubu, mumakhala pansi anyamata nokhanokha n'kugwirizana zokweza tsiku lomwelo. Pa foni mtengo amaika ndi kampani. Pofika kumene amakonda kunyengerera: wokwera alipire zochepa, woyendetsa alandire kabonasi. Onse akazolowera, kabonasi kaja kamazimiririka. Nkhondo yake idafika mpaka ku boma kwa anzathu. Mu 2022 Kenya idalamula kuti makampaniwa asadule zoposa 18 pa 100. Tanzania idaika 15 chaka chomwecho, Uber n'kuyimitsa ntchito zake kumeneko, ndipo idabwerera mu 2023 malamulo atafewetsedwa.

Nanga Uber ifika pa Mangochi? Ine sindikuyembekezera msanga. Bizinesi imeneyi imadya kuchuluka kwa anthu: okwera ambiri ndi oyendetsa ambiri pamalo amodzi nthawi imodzi, kuti wina akangotsika wina akwere. Kuno mukatenga munthu kupita naye ku Makawa, kapena kukwera naye zitunda za ku Namwera, pobwera mumabwera nokha ndi mphepo. Komanso agogo ochokera kuchipatala safuna foni kuti akupezeni. Akukuonani apo, amakudziwani ndi dzina, ndipo akufuna anenerere mtengo, mwina alipire mawa.

Foni gulani ndithu ngati ndalama ilipo, koma osati podikira Uber. Nambala yanu ikhale kwa anamwino a usiku, kwa amayi ogula usipa m'bandakucha, kwa anyamata a m'malo ogona alendo a ku Nkopola. Akuimbireni kapena akulembereni pa WhatsApp, alipire pa Airtel Money kapena Mpamba. Pamenepo palibe wokudulani gawo, kupatula kandalama kotapira kwa ejenti. Koma ngati laisensi, inshuwalansi ndi chipewa cha wokwera mulibe, yambani ndi zimenezo. Ngakhale kampaniyo itabwera mawa, mapepala ndiwo idzayambe kukufunsani.