Foni ikutentha mukamamvera nyimbo? Yambani mwayang'ana netiweki

Achimwene ena a ku Nchalo andilembera imelo yodandaula. Akuti foni yawo ya Android, yomwe yatha zaka ziwiri, ikangoyamba kuimba nyimbo za pa intaneti imatentha kumbuyo moti m'thumba sikhalika, ndipo batire yomwe yagona pa chaja usiku wonse imakhala itatsala pang'ono kutha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Akufunsa ngati app yomvera nyimboyo ili ndi virus, ngati aichotse, kapena angogula batire ina.

Achimwene, app musaichotse kaye, ndipo ndalama ya batireyo isungeni. Virus ndikukayika. Kuimba nyimbo pakokha ndi ntchito yopepuka kwambiri kwa foni. N'chifukwa chake nyimbo za pa memory card mumatha kumvera kuyambira m'mawa mpaka madzulo foni ili zii. Chimene chikudya batire yanu ndi kukatenga nyimboyo kutali, komanso zinthu zina zomwe app imachita pamene inu mukungomvera.

Nyimbo ya pa Spotify, Boomplay kapena Audiomack imabwera pang'onopang'ono kudzera pa data, ndiye foni imakhala ikulankhulana ndi nsanja ya netiweki pafupipafupi. Nsanja ikakhala pafupi, foni imalankhula motsitsa. Ikakhala kutali, kapena muli m'nyumba ya malata mkati mwenimweni, foni imakweza mphamvu yotumizira kuti imveke, ngati munthu woitana mnzake wa tsidya lina la Shire. Mphamvu imeneyo imachokera m'batire, ndipo gawo lina limasanduka kutentha komwe mukukumva m'manja. Chinanso, foni ikamaliza kukoka kachidutswa ka nyimbo sipuma pompo. Imakhalabe tcheru masekondi angapo kudikira ngati kukubwera zina, ndipo netiweki ikakhala yofooka, isanapume n'komwe imakhala yayamba kale kukoka kachidutswa kena. Mukaona timizere ta netiweki tatsala kamodzi kapena tiwiri, kapena chilembo pamwamba chikusinthasintha 4G, H, E, dziwani kuti batire ili pa ntchito yakalavulagaga. M'minibasi yokwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre n'chimodzimodzi, chifukwa foni imasiya nsanja iyi n'kufunafuna ina njira yonse.

Kukula kwa nyimboyo nakonso kuli ndi gawo lake. Spotify, yomwe inafika kuno ku Malawi mu February 2021, ili ndi masitepe a kamvekedwe: Low ndi pafupifupi 24 kbps (muyeso wa data yomwe foni imakoka pa sekondi iliyonse), Normal 96, High 160, ndipo Very High ya olipira ndi 320. Pa 320 kbps, ola limodzi ndi 144 MB. Pa 96 kbps ndi 43 MB basi. Ndinene mosabisa, ngati mumamvera pa sipika ya foni kapena pa mahedifoni a pamsika, kusiyana kwa 96 ndi 320 khutu lanu silingakugwire, koma bandulo ndi batire zimakugwira.

Ndiye pali sikirini. Simunanditchulire app yomwe mumagwiritsa ntchito, koma ngati ndi YouTube, mlandu watha pomwepa. YouTube yaulere imasiya kuimba mukazimitsa sikirini, choncho anthu amaisiya ikuwala, n'kuiponya m'thumba. Apa foni ikukoka kanema wathunthu, ikumumasulira, ikuwalitsa sikirini, zonsezi kuti inu mumve mawu okha, komanso ili mkati mwa nsalu momwe mpweya sufika. Spotify nayo ili ndi timakanema tobwerezabwereza kumbuyo kwa nyimbo, totchedwa Canvas. Timazimitsika mu Settings, ndipo mukayatsa Data Saver timasiya kuoneka. Ma app aulere amabweretsanso zotsatsa malonda, zina za kanema, zomwe zimadya data ndi batire yanu yomweyo.

Musanakhulupirire zanga, yesani nokha. Sungani nyimbo zingapo m'foni, tchajani batire, lembani pomwe yafika, yatsani Airplane mode, zimitsani sikirini, mumvere ola lathunthu pa mahedifoni. Tsiku lina chitani zomwezo koma nyimbo zikuchokera pa data, muli malo omwe mumakhala masiku onse. Ngati ulendo woyamba batire yangotsika pang'ono foni osatentha, ndiye kuti batire ndi app zilibe vuto, nkhani ndi netiweki. Mankhwala ake ndi kupanga download nyimbo zanu pamalo pomwe netiweki ili yamphamvu, kapena pa Wi-Fi, n'kumamvera data itazimitsidwa. Audiomack ndi Boomplay zimalola kusunga nyimbo zambiri ngakhale osalipira, pomwe Spotify imafuna Premium, yomwe ndi yolipira, kuti musunge nyimbo. Ngati foni yatenthabe ili pa Airplane mode, lowani mu Settings, pa Battery, muone chomwe chili pamwamba pa mndandanda. Nthawi zambiri mumapeza Facebook kapena TikTok ikugwira ntchito mobisa, nyimbo n'kumangonamiziridwa.

Koma Nchalo nayo sindingaisiye. Mabatire a lithium-ion, omwe amakhala m'mafoni, sagwirizana ndi kutentha. Apple imanena kuti foni zake zizigwira ntchito pamalo a pakati pa 0 ndi 35°C, ndipo kupitirira apo batire ikhoza kuwonongeka osabwereranso. Mabatire a mafoni a Android ndi amtundu womwewo. Kwanuko mu October ndi November kutentha kumadutsa 40°C, kutanthauza kuti foni yanu imayamba ntchito itatentha kale. Muonjezerepo kachikwama ka labala kokhuthala, dzuwa la pa dashibodi, ndi chizolowezi chathu chija choti magetsi akangoyaka timailumikiza ku chaja uku ikuimba. Kutchaja kumatenthetsa pakokha, data ikutenthetsanso, kunja kukutentha. Batire yozunzika chonchi imakalamba msanga. Ngakhale yosamalidwa bwino imatsika mphamvu: Apple imati ya iPhone 14 ndi zam'mbuyo mwake imatsala ndi pafupifupi 80% ikatchajidwa kodzaza maulendo 500, omwe kwa munthu wotchaja tsiku lililonse sakwana n'komwe zaka ziwiri. Choncho yanuyo yatopako ndithu, kungoti kugula ina musanasinthe kamvereredwe ka nyimbo n'kutaya ndalama. Potchaja ivuleni kachikwamako, muiike pamthunzi, pa simenti kapena patebulo, osati pansi pa pilo.

Ma app odzitcha oziziritsa foni kapena oyeretsa batire, aja oonetsa chithunzi cha fani ikuzungulira, achotseni. App siingatulutse mphepo. Imangotseka ma app ena omwe amadzitsegulanso pakapita kanthawi, uku ikukuonetsani malonda. Mufiriji musaiikenso, chifukwa ikatuluka chinyezi chimasanduka timadontho ta madzi mkati n'kuwononga zipangizo.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe chimafuna changu. Igonekeni foni patebulo losalala. Ngati ikugwedera, kapena chivundikiro chakumbuyo chayamba kutukuka, kapena sikirini ikusiyana ndi thupi la foni m'mbali, batire yatupa. Imeneyo musaitchajenso, musaikanikize kuti ibwerere, ndipo musaiboole, chifukwa ikhoza kuyaka moto. Izimitseni, mupite nayo kwa wokonza mafoni akaisinthe tsiku lomwelo.