Nkhani zili mu kombi momwemo, achemwali

Achemwali, mwafunsa kuti mungalembe chiyani poti moyo wanu ndi kudzuka, kukwera kombi (minibasi) ku Dzivaresekwa, kukagwira ntchito m'tauni muno mu Harare, kubwerera madzulo, basi. Mwatinso nkhani zenizeni zinatsala kumudzi. Pamenepo ndiye ndikukana.

Ine chinandiyambitsa kulemba ndi sutikesi. Tinali pamaliro ku Mufakose, a agogo ena ochokera ku Ntcheu. Iwowa anabwera kuno nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri ali pansi pa boma limodzi. Anayamba m'mafamu a fodya, kenako m'tauni, ndipo kwawo sanapondekonso. Matchona aja timanenawa. Tikusuntha katundu kuti anamfedwa apeze pokhala, pansi pa bedi tinapeza sutikesi yachitsulo, m'kati muli nsapato zosavalidwa ndi chitenje chopinda bwino, mizere ya mopindamo itachita kuyera. Ana awo anangoyang'anana. Usiku womwewo ndinalemba masamba anayi, osati za imfa, koma za munthu amene chitenjecho chinkamudikira.

Ndiye choyamba tcherani khutu. Anthu athu kuno amayankhula mwanjira imene simungaimve ku Lilongwe kapena ku Zomba. Agogo akufunsa m'Chichewa, mdzukulu akuyankha m'Chishona, onse akumvana bwinobwino. M'nyumba ndi nsima, ukangotuluka pageti yasanduka sadza. Malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komabe ndinaonapo mayi mu kombi, foni italira, akuyankha motsitsa mawu kuti "ndili m'njira amayi, ndiimbanso", kenaka n'kutembenukira kwa hwindi, kondakitala wa kombiyo, m'Chishona chokweza ngati si yemwe uja. Akuopa dzina lija la mabhurandaya, limene ena amatinyoza nalo. Mayi ameneyo ndi nkhani yathunthu, ndipo mwina mumakhala naye mpando umodzi m'mawa uliwonse.

Kombi yomweyo ili ndi zina. Mukukumbukira hwindi akasowa chenji, n'kuphatikiza anthu awiri osadziwana pa dola imodzi kuti mukagawane nokha mukatsika? Tangoganizani awiriwo akuzungulira pa siteji ya makombi ya Copacabana kufuna wowasinthira, wina akuthamangira kuchipatala, wina alibe kothamangira. Ine ndinayesapo kuilemba ngati yachikondi, inandikanika, yatengeni inuyo.

Loweruka lina mukapeza mpata mukakhale pa Roadport, pamene pamanyamukira mabasi odzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza mpaka ku Blantyre. Osayang'ana nkhope zokha ayi, onani katundu: ndani watumiza bulangete, ndani watumiza mbale, ndani wangopereka envelopu kwa kondakitala n'kubwereza katatu dzina la woilandira. Ku msika wa Mbare Musika nakonso, makamaka chiwotchekere moto uja wa mu Okutobala 2024, amayi a tomato ali ndi zokamba zambiri kwa amene wagula kaye mulu umodzi.

Kalembedwe kake, musalembe kuti "anali wachisoni". Mawu amenewo aliyense angalembe. Lembani zimene manja ake ankachita ndi mawu enieni amene ananena, ngakhale Chishona chitalowererapo, musachikonze. Ine ndimazisunga mu foni ndisanatsike, chifukwa ndikafika kunyumba mutu umakhala utazikongoletsa kale. Koma mayina ndi malo musinthe ndithu. Achewa a mu Harare muno timadziwana, pamaliro ndi kutchalitchi timakumana, mungadzapezeke mukuzengedwa mlandu ndi azakhali a munthu.

Chitenje chija ndachilemba katatu tsopano. Koyamba chinali cha mlongo wawo, kachiwiri cha mkazi amene anamusiya ali ndi pakati. Kachitatuka ndikadalimbana nako. Inu mawa mukatsika kombi, mutilembere pano chiganizo chimodzi chokha chimene mwamva m'njiramo.